Miyezi Iwiri pa Zaka Ziwiri

Basi ya ku Chautara imanyamuka kusanache.
Ndabereka Sangmu, mphuno yake yonyowa ili pakhosi panga.
Lhakpa ndamusiya akumwetera udzu njati ya apongozi.
M'foni muli uthenga wa mawu asanu:
tikiti ndagula, ndifika pa Dashain.

Dorje amamanga nyumba zitalizitali ku Doha.
Kwathu amakhalako miyezi iwiri pa zaka ziwiri.
Ulendo woyamba anandisiyira Lhakpa.
Wachiwiri anandisiyira uja sitimutchula,
uja anakhala nafe masiku asanu ndi anayi.
Wachitatu ndi uyu akundikoka tsitsiyu.
Ana anga ndimawawerenga ngati zidindo za m'pasipoti yake.

Namwino Kalpana wayala nsalu patebulo,
njira zonse zasokereredwa pamenepo ngati malonda.
Akuti sankha, mng'ono wanga, thupi ndi lako.
Ndaseka. Palibe anandiuzapo zimenezo.

Mapiritsi: tsiku ndi tsiku, osadumphitsa.
Ine, woiwala mchere m'ndiwo nthawi yokolola mawere?
Jakisoni: kubwera kuno miyezi itatu iliyonse.
Dzinja lapitali phiri linagumukira pamsewu,
basi sinadutse mpaka mvula itakata.

Wapinda malaya, wandigwiritsa mkono wake.
Pansi pa khungu pali tindodo tiwiri ngati machesi.
Zaka zisanu osaganizako, akutero.
Mtima wanga walumpha, kenako wakhala pansi.
Pampopi timachapa mikono ili pamtunda
ndipo akazi akwathu amadziwa kuwerenga zipsera.
Mwamuna ali kunja, iwe ukulera chiyani?
Phulmaya anamufunsa choncho.
Mpaka lero madzi amatunga kutada.

Ndatuluka panja kukaimba foni.
Kumbuyo kwa mawu ake zitsulo zikulira.
Akuti usavutike, makondomu ndibwera nawo.
Anateronso ulendo watha.
Ndinawapeza atapita, pansi pa sutikesi,
bokosi losatsegula, pambali pa malisiti.
Sindikumukumbutsa. Mphindi zake n'zodula,
ndipo akutsokomola chifuwa chomwe chija cha simenti.
Ndangoti, Dorje, ine ndatopa.
Chete.
Kenako: chimene usankhe, undiuze dzina lake,
ndikufuna ndilidziwe.

Lupu ndi kanthu kochepa, kakukwana m'chikhatho cha Sangmu.
Sikaoneka pampopi. Sikadikira basi.
Namwino sakubisa: msambo ungachuluke miyezi yoyambirira,
m'mimba mungapote.
Wandikoka chikope, wayang'ana, wapukusa mutu,
wandilembera mankhwala owonjezera magazi.
Ukadzafuna wina, akuti, udzabwere tidzachotse.
Ndafunsa kawiri ngati zili zoona.
Kawiri konse wayankha osatopa.

Ndiye akuyang'ana kukhoma, osati kwa ine:
lupu amatchinga mimba, matenda satchinga,
ndipo zaka ziwiri ndi nthawi yaitali kwa aliyense.
Wakankhira timapaketi kumbali yanga ya tebulo.
Nkhope yanga yatentha.
Ndafuna kumutetezera Dorje, mawu akana kubwera.
Ndatenga. Ndakulunga mumpango, pamodzi ndi ndalama za basi.

Mtsikana wosesa wandinyamulira mwana.
Bedi ndi lozizira, denga lili ndi banga la mvula.
Pumira m'kati, tulutsa.
Ndawerenga mpaka makumi atatu m'chilankhulo cha amayi anga,
chimene namwino sachimva.
Basi, akutero, tatha.

Pobwerera ndakhala pathumba la anyezi.
M'mimba mukukoka pang'onopang'ono
ngati wina akumanga mfundo.
Pakhonde apongozi adzafunsa zimene adokotala anena za mwana.
Ndidzati chimfine chabe, ndipo sindidzakhala nditanama.

Pamene msewu ukhotera kumtsinje pali netiweki.
Ndalemba dzina lija, zilembo zinayi,
ndatumiza ku Doha.
Sangmu wagona, chibakera chake chili m'bulauzi mwanga.
Foni sinalire. Ino ndi nthawi ya ntchito kumeneko.